Woliza steelpan pa ukwati wa pagombe ku Tobago: mumupeza bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa namwino wina wa kwathu amene akugwira ntchito ku London. Akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Tobago, chilumba cha m'dziko la Trinidad ndi Tobago ku Caribbean, ndipo ukwati ukachitikira kwawo kwa mwamunayo, pagombe la Pigeon Point, mwezi wa February. Apongozi awo anenetsa kuti pakhale steelpan, ng'oma zachitsulo zija zopangidwa ndi migolo ya mafuta. Funso la namwinoyo ndi ili: "Ndilembe munthu mmodzi kapena gulu? Pa intaneti ndawona ambiri, onse atavala malaya amaluwamaluwa, onse akumwetulira. Waluso ndimudziwa bwanji? Nanga angathe kuliza nyimbo ya kwathu ndikamalowa ndi amayi anga?"

Achemwali, mafuno abwino. Koma mwezi mwasankhawo wandidzidzimutsa pang'ono. Kunena za nyengo, mwasankha bwino, chifukwa kuyambira January mpaka May kumeneko mvula imakhala yochepa. Vuto ndi Carnival, chikondwerero chachikulu cha m'misewu, yomwe imachitika Lolemba ndi Lachiwiri lotsogozana ndi Lachitatu la Phulusa, ndiye imagwa mu February kapena kumayambiriro kwa March. Isanafike pamakhala mpikisano wa magulu a steelpan wotchedwa Panorama, womwe unayamba mu 1963, ndipo ndime yake yomaliza imachitikira ku Queen's Park Savannah mumzinda wa Port of Spain, likulu la dzikolo, pachilumba cha Trinidad. Gulu limodzi lalikulu limakhala ndi oliza pafupifupi 100. Masabata amenewo aliyense wodziwa kugwira timitengo amachezera usiku ku panyard, bwalo lomwe gulu limaphunzirirapo, kubwereza nyimbo imodzimodziyo mpaka manja kutupa. Magulu a ku Tobago nawo amapikisana. Choncho yang'anani kalendala lero lomwe. Ngati tsiku lanu layandikana ndi mpikisanowo, lankhulani ndi woliza wanu msanga, mupereke chikole, ndipo mumufunse mosapita m'mbali ngati gulu lake silidzamufuna tsiku limenelo.

Apongozi anuwo musawaone ngati ovuta. Kwa ife alendo steelpan ndi kanyimbo ka pahotela, komvera uku ukumwa madzi a kokonati. Kwa eni ake ndi nkhani ya makolo. Atsamunda a ku Britain analetsa ng'oma zachikopa m'zaka za m'ma 1880, pambuyo pa zipolowe za Canboulay za mu 1881, pamene apolisi analimbana ndi anthu ochita Carnival ku Trinidad. Zidzukulu za akapolo zinayamba kuguguda nsungwi pansi, kenako m'ma 1930 anyamata a m'madera osauka monga Laventille, kufupi ndi Port of Spain, anatembenukira ku zitini za mabisiketi ndi zitsulo zotayidwa. Ellie Mannette ndi amene amatchuka kuti anabonyola pamwamba pa mgolo kuti palowe m'kati ngati beseni, n'kuyamba kugwiritsa ntchito mgolo waukulu wa magaloni 55. Masiku amenewo woliza pan ankatengedwa ngati chimbalangondo, munthu woti mwana wako wamkazi asayandikane naye. Zinthu zinayamba kusintha gulu la akatswiri a pan a ku Trinidad lotchedwa TASPO litakaimba ku London komwe muliko mu 1951. Mu 1992 boma linalengeza kuti pan ndi chida choimbira cha dziko, ndipo mu 2025 anachotsa zombo zitatu za Columbus pachizindikiro cha dzikolo n'kuikapo steelpan. Ndiye mayi akamati pa ukwati wa mwana wawo pakhale pan, mumve ngati agogo akumudzi akunena kuti chinkhoswe chopanda nthungululu si chinkhoswe.

Mmodzi kapena gulu? Woliza yekha nthawi zambiri amabwera ndi tenor, mgolo umodzi wodulidwa wokhala ndi manoti pafupifupi 30, wa mawu okwera. Noti ya pan siyikhalitsa, imangoti ngwee n'kuzimirira, n'chifukwa chake woliza amanjenjemeretsa timitengo take ta labala kunsonga kuti mawuwo atalike. Payekha tenor imamveka yopyapyala, ndiye ambiri amaikako zoimbira zina zojambuliratu kuchokera pafoni kudzera pa sipika. Pa nthawi ya zakumwa zimenezo n'zabwinobwino. Pa malumbiro ine sindizikonda, chifukwa nyimbo yojambuliratu siyidikira munthu. Mkwatibwi akapondera diresi, kapena kamwana konyamula mphete kakathamangira nkhanu, foniyo imangopitirira. Anthu awiri kapena atatu opanda sipika, wina pa tenor, wina pa double seconds (migolo iwiri ya mawu otsikirapo), amatha kukuyang'anani, kuchedwetsa, kubwereza ndime mpaka mutafika. Bass yeniyeni, ya mawu otsikitsitsa, ndi migolo yathunthu isanu ndi umodzi kwa munthu mmodzi, yofunika lole, ndiye imeneyo ingoisiyani.

Posankha munthu, malaya amaluwawo aiwaleni. Pemphani kanema wojambula ndi foni, wosakonzedwa, akuliza nyimbo yapang'onopang'ono. Nyimbo yothamanga ya kumeneko, ya soca kapena calypso, imabisa zambiri, pomwe nyimbo yodekha imaulula ngati dzanja lili lolemera komanso ngati mgolo uli wotchunidwa bwino. Njira yoposa zonse ndi kutuma alamu anu. Mudzi wa Buccoo uli kufupi ndi Pigeon Point, ndipo Lamlungu madzulo kumakhala chisangalalo chomwe amachitcha Sunday School, dzina lokhalo ndiye la kutchalitchi, komwe pan imalira anthu asanayambe kuvina. Apite akamve ndi makutu awo, akafunsenso ku panyard ya kwawo. Kumeneko aliyense amadziwa amene amasunga nthawi ndi amene amafika ukwati utatha. Pa mgwirizano wolembedwa pakhale dzina la munthu amene mwamumvayo, chifukwa makampani ena okonza maukwati amakuonetsani katswiri koma tsikulo n'kutumiza wophunzira wake.

Tsopano nkhani imene anthu ambiri amaiphonya: dzuwa ndi mchenga. Ndinakhalapo pa ukwati wina wa pagombe pomwe okonza anamuika wolizayo padzuwa kuyambira masana kuti "aziwoneka bwino pa zithunzi". Mwendo umodzi wa choimikira mgolo unkangomira mumchenga, iye n'kumaukankhira chigoba cha kokonati ndi phazi uku akuliza. Pofika nthawi yolowa mkwatibwi chitsulo chinali chitatentha moti sukanachigwira, ndipo manoti ena ankamveka ngati mbale yagwa kukhitchini. Iye anapirira, koma nkhope yake inkanena zonse. Noti iliyonse pa pan ndi kachigawo ka chitsulo kosulidwa ndi nyundo, ndipo kutentha kumakasokoneza. Ikasokonekera, pamafunika mmisiri wotchuna ndi nyundo yake, ndipo amisiri oterowo ndi ochepa. Mphepo yamchere nayo imabweretsa dzimbiri. Choncho mupatseni katenti ndi thabwa lalikulu loti aimikepo zida, madzi akumwa, komanso munthu womuthandiza kunyamula kuchokera pomwe galimoto yaima. Musamuike pafupi kwambiri ndi abusa, pan ndi yaphokoso kuposa momwe imaonekera.

Nyimbo ya kwathu ndi yotheka ndithu. Oliza pan ambiri anaphunzira ndi khutu ku panyard, osati papepala. Auzeni amayi aimbe nyimbo ya kutchalitchi imene akuifunayo pa WhatsApp, mavesi awiri, mosathamanga, mutumize kudakali mwezi umodzi kapena iwiri. Iye akuyankheni ndi kanema wa momwe waikonzera kuti amayi avomereze. Mwina adzapempha kandalama kowonjezera, mupatseni, imeneyo ndi ntchito. Mumuchenjezenso kuti azakhali akangoizindikira nyimboyo adzayamba kuimba ndi kululutira, asadzaganize kuti kwagwa ngozi.

Perekaniperekani ndiye musamusenzetse. Mwambo umenewu umatenga nthawi yaitali, umafuna nyimbo zimene a kwathu amazidziwa ndi wolengeza wa pakamwa, ndipo oliza pan amaimba ndime zazifupi n'kupumira. Pezani DJ, ndipo akuchimuna muwafotokozere pasadakhale kuti asinthiretu ndalama zing'onozing'ono.

Ku Tobago dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko ndipo mdima umagwa msanga ngati kwathu. Mukayamba mwambo cha m'ma 4:30, chitsulo chidzakhala chozizirira, wojambula zithunzi adzapeza kuwala kwake, ndipo wolizayo adzalongedza migolo yake akuonabe pomwe akuponda.