Pitani ku msonkhano wa bankiwo, koma mutenge mafunso anu

Achemwali, mwati banki ina yaitana anthu onse ku holo ya pa boma la Ntcheu kuti akakambirane za chuma cha dziko, ndiye mukufunsa ngati kuli koyenera kusiya kachewere wanu pa Lizulu n'kuononga ya minibasi kukamvera zimenezo. Ndaona ena akukuyankhani kuti n'kutaya nthawi, akuti mabwana akangomwa zoziziritsa kukhosi n'kujambulitsa zithunzi. Ine ndikuti pitani, koma mafunso anu mulemberetu papepala.

Zomwe akayankhule kutsogoloko ndingathe kukuuziranitu. Aimirira bambo wa taye n'kukumbutsa anthu kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Atchula namondwe Freddy wa mu 2023 ndi ng'amba ya mu 2024. Anenanso kuti madola omwe timapeza pa fodya, tiyi ndi shuga sakwanira kulipira mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala zomwe timaitanitsa kunja. Zonsezo n'zoona. Thumba la Urea lomwe mumathira ku dimba limagulidwa ndi madola, lole yotenga kabichi kupita ku Limbe imamwanso dizilo wa madola. Komatu ife a m'malire muno sitidikira wa taye kuti atiuze zoti kwacha yagwa, timayamba kuzionera pa mtengo wa metikali, ndalama ya ku Mozambique, pa Biriwiri ndi pa Tsangano wailesi isananene. Ndipo manijala wa nthambi ya pa Ntcheu alibe mphamvu yosintha chilichonse pa zimenezi. Choncho akakupatsani mpata woyankhula, musauthere pofunsa kuti sopo atsika liti mtengo.

Funsani zomwe zili m'manja mwawo, makamaka chiwongoladzanja. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaikapo yawo pamwamba. Chaka chomwecho mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka, pamene phindu lomwe munthu amapeza akasunga ndalama ku akaunti wamba ndi lochepetsetsa poyerekeza ndi pamenepo. Ndiye akadzati tiyeni tizisunga ndalama ku banki, imikani dzanja mufunse mwaulemu: nditasiya K100,000 chaka chathunthu, mudzandiwonjezera zingati, mudzadula zingati za akaunti mwezi ndi mwezi, nanga yotsalayo idzagula feteleza wofanana ndi yemwe ndikanagula lero? Ayankhe ndi manambala. Mungafunsenso kuti pa ndalama zomwe anthu a m'boma lino amasungitsa, ndi zingati zomwe zimabwerekedwa kwa alimi ndi ageni a konkuno. Funso limeneli limawavuta chifukwa mabanki amakonda kubwereketsa boma, lomwe limalipira chiwongoladzanja chabwino popanda kulilondola ku mudzi, kusiyana ndi mayi wa tomato wa ku Kampepuza.

Pa ngongole ndi pomwe ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Akakuuzani kuti 5 peresenti, funsani kuti pamwezi kapena pachaka. Mufunsenso ngati amawerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga mpaka kumapeto, kapena pa yotsala mukamabweza. Tiyerekeze kuti mwatenga K500,000 ya miyezi 6 pa 5 peresenti pamwezi. Akawerengera pa yonse, chiwongoladzanja ndi K150,000. Akawerengera pa yotsala, chimangokhala cha m'ma K90,000 basi. Papepala zonse ziwiri zimalembedwa 5 peresenti yemweyo. Palinso ndalama ya fomu ndi ya inshulansi, zomwe ena amadulira pomwepo, moti munthu wasainira K500,000 koma m'manja walandira yoperewera. Auzeni atchule ndalama yomwe mudzatuluke nayo pakhomo ndi yonse yomwe mudzabweze pomaliza.

Nkhani ina yomwe a mu ofesi samaiganizira kawirikawiri ndi nthawi yobwezera. Kachewere amatenga miyezi itatu kapena inayi ali m'munda. Ngongole yoti muyambe kubweza mwezi wotsatira ndi ya munthu wa pa malipiro kapena wa golosale, osati ya mlimi. Mlimi akaitenga amayamba kugulitsa mbuzi kuti abweze gawo loyamba mbewu isanachite maluwa, kapena amathamangira kwa akatapila kuti atseke ya ku banki, apo ndiye zimathera kulandidwa malata. Ndiye funsani ngati ali ndi ngongole yodikira zokolola. Za chikole musaiwale. Ambiri a ife minda yathu ndi ya makolo, ilibe mapepala omwe banki imafuna, choncho adziwitseni kuti mukufuna kumva ngati amalola gulu kuimirana, ndi zomwe zimachitika kwa ena onse mmodzi akathawa.

Mwina akanyoza banki m'khonde kuti ndalama zimasowa ndi msungichuma. Zimachitikadi, sindikana. Koma ku banki m'khonde chiwongoladzanja, ngakhale chikhale chokwera, chimabwerera kwa eni ake pogawana kumapeto kwa chaka, ndipo n'chifukwa chake amayi saisiya. Ngati bankiyo ili ndi nzeru, ikambe za momwe gulu lingasungire bokosi lake ku akaunti, ya anthu atatu osainira, n'kumatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo mokwera galimoto ndi ndalama m'chitenje. Imeneyo ndi nkhani yothandiza.

Simunatchule kuti ndi banki yanji, ndipo si onse odzitcha banki omwe ali banki. Ena ndi mabungwe obwereketsa ndalama chabe, ena ndi ma SACCO. Ku SACCO membala ndi mwini wake, amavota pa msonkhano wa pachaka ndipo amagawana nawo phindu, ma SACCO ambiri ali pansi pa bungwe lawo lalikulu la MUSCCO lomwe linayamba mu 1980. Aliyense mwa amenewa ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank, ndiye pemphani muchione. Ngati ndi banki yeniyeni, funsani kuti bungwe la Deposit Insurance Corporation limateteza ndalama zanu mpaka zingati banki itagwa.

Akayamba kuyankhula Chingerezi chokhachokha, pemphani amasulire. Anaitana ndi iwowo, ndipo anaitana anthu a ku Ntcheu.

Ya minibasi ikakhala yovuta, sonkherani m'gulu mwanu mutume anthu awiri, mmodzi wofunsa wina wolemba mayankho. Pakhomo padzakhala tebulo la mafomu ndi atsikana omwetulira, chifukwa msonkhano wotere umakhalanso wosakira makasitomala. Tengani fomuyo koma musasaine tsiku lomwelo. Kaiwerengeni kunyumba ndi munthu wodziwa masamu, ndipo mukafuna ijambuleni, mubise dzina ndi nambala yanu, muiponye muno tiwerengere limodzi.