Ndinam'patsa 9 pa 20, mpaka lero zimandiwawa

Mayi wina, mphunzitsi mnzanga, wandilembera imelo. Anauza ana ake a Folomu 3 kuti ayerekeze mlandu wa m'buku ndi mlandu womwe unazengedwadi kukhoti. Ntchito yabwera, mulu uli patebulo, ndiye akufunsa kuti malikisi apereke poyang'ana chiyani. Mayi, mwandikanda pachilonda.

Chaka china ndinapereka ntchito yomweyi. Tinali titawerenga The Crucible, sewero lomwe Arthur Miller analemba mu 1953 pa milandu ya ufiti ya ku Salem, ku Massachusetts, ya mu 1692. Kumeneko anthu 19 ananyongedwa. Mtsikana wina anabwera ndi chipepala chachikulu, mizere yolemba ndi rula, mitu ya inki yobiriwira, "zofanana" kumanzere, "zosiyana" kumanja. John Proctor, mlimi yemwe ndi mwini nkhani m'seweroli, ananyongedwa: m'sewero zilimo, m'mbiri zilimo. Giles Corey, nkhalamba ina yoimbidwanso mlandu wa ufiti, anam'sanjikiza miyala pachifuwa mpaka kufa: konsekonse zilimo. Mtsikanayo ndinam'patsa 18 pa 20, chipepalacho n'kuchipachika kukhoma, ndipo aliyense wolowa m'kalasimo ndinkamuonetsa ngati ndalemba ndine.

Mnyamata wina wokhala kumbuyo anapereka masamba awiri othothola m'kope, ofufutafufuta, pakona pali banga la mafuta a zitumbuwa. Mfundo yake inali imodzi yokha. Abigail Williams weniweni, mmodzi wa atsikana oneneza anthu ufiti, anali kamtsikana ka zaka ngati 11, Proctor ali bambo wa zaka ngati 60. Miller anam'kuza Abigail kufika zaka 17, Proctor n'kum'chepetsa, kuti awiriwa akhale oti anagonanapo. Mnyamatayo anafunsa kuti anachitiranji zimenezi, n'kudziyankha yekha: oonera sewero amafuna munthu mmodzi womuloza chala, ndiye wolemba anawapatsa mtsikana wansanje. Koma ku Salem kwenikweni, iye anatero, oweruza enieniwo ndi amene ankalandira umboni woti "mzimu wa uje unandibwerera usiku", mudzi wonse ukuvomereza. Kumapeto anawonjezera mizere itatu ya gogo wina wa kwawo amene anathamangitsidwa pamudzi, ndipo mpaka pano palibe angatchule amene anayambitsa mphekeserayo.

Ine ndi bolopeni yanga yofiira ndinalemba kuti "Tebulo la zofanana ndi zosiyana lili kuti?" Ndinam'patsa 9.

Ndinazindikira kulakwa kwanga pa holide, ndikusanja mapepala oti ndiyatsire mbaula. Ndinawerenganso masamba aja nditakhala pakhonde, thukuta la manyazi lili kamukamu. Mwanayo sanadandaule n'komwe. Anangopinda pepala lake lija atawona malikisi, n'kundibwezera.

Ndiye ndinene mosapsatira: tebulo la zofanana ndi zosiyana si ntchito ya literature. Ndi kukopera basi, ndipo masiku ano foni imam'chitira mwana zimenezo tiyi asanazizire. Poyamba ndinkati tebulo lili ndi malo ake ngati poyambira. Pano sindilifunanso n'pang'ono pomwe pa pepala lochonga, chifukwa limatinyenga ife aphunzitsi. Ndi laukhondo, limachongeka msanga, ndipo pomwe wafika pepala la nambala 60 maso akuwawa, ukhondo umaoneka ngati nzeru.

Chinanso chimandinyansa n'choti ana amaganiza kuti khoti ndi la m'mafilimu, loya akukuwa, mboni ikulira, chigamulo tsiku lomwelo. Akanakhala tsiku limodzi pa benchi ya kwa majisitireti akanamva kuti mlandu wayimitsidwa kaye chifukwa mboni sinabwere. Ndipo si mlandu uliwonse unali ndi loya. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anazengedwa mlandu woukira boma m'khoti la mafumu, momwe maloya sankaloledwa, ngakhale eni akewo anali maloya. Mu 1983 anagamulidwa kuti aphedwe, kenako chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992, Vera anatuluka mu 1993. Mwana woika mlandu umenewu pafupi ndi sewero la Miller ali ndi zonena zambiri kuposa wowerenga mayina a onyongedwa. Miller mwini wakenso anaitanidwa ndi komiti ya nyumba ya malamulo ya ku America mu 1956, n'kukana kutchula mayina a anzake oganiziridwa chikomyunizimu. Koma ndasochera.

Nanga muchonge bwanji?

Musanagwire bolopeni, werengani pepala lonse kamodzi manja ali m'thumba. Ine ndikanatero tsiku lija, bwenzi nkhani ili ina. Ndimadabwabe kuti ku koleji anatiphunzitsa kulemba sikimu ndi lesoni pulani mpaka kutopa, koma za kuwerenga ntchito ya mwana modekha sindikumbuka kuti tinakambapo.

Pa malikisi 20, ine pano ndimagawa chonchi: 5 ngati mfundo za mlandu weniweni zili zoona ndipo wanena kumene wazitenga, 5 ngati akuloza malo enieni m'buku, 8 ngati wapeza chomwe wolemba anasintha n'kufotokoza chifukwa chake, 2 ya kalembedwe. Auzeni ana kagawidweka asanayambe. Ngati simunawauze, chongani momwemu koma muwalole abwereze.

Masamba awiri aja sindinayatsire mbaula. Ali m'diroo, pansi pa mabuku a rejisitala.