Mlongo wanga alibe manda, kodi adzauka?

Mayi wina amene pano akukhala ku Bangula, koma kwawo ndi kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga, wanditumizira kalata pa imelo. Wandilola kuyankha poyera, bola ndisatchule dzina. Nkhani yake ndi yakuti usiku umene madzi a namondwe wa Freddy anafika m'mudzi mwawo, mu Marichi 2023, mlongo wake anakweza mkazi ndi ana m'bwato, iye n'kubwerera kukamasula mbuzi m'khola. Sanaonekenso. Abale anafufuza m'mabango ndi m'mchenga, anafunsa mpaka kwa achibale a ku Mozambique, koma sanapeze ngakhale malaya. Mayi awo okalamba amakana kuti mwana wawo anafa, akuti munthu wosaikidwa m'manda sanafe. Ndiye akundifunsa kuti: "Abusa amati akufa adzauka m'manda. Nanga amene alibe manda, amene mwina anadyedwa ndi ng'ona, adzauka kuchokera kuti? Ena akuti madzi aja anali chilango cha Mulungu. Ine pa Pasaka ndimangotsegula pakamwa, nyimbo situluka. Kodi chikhulupiriro changa chinafa?"

Amayi, pepani. Zakugwerani ndi zazikulu, ndipo simuli nokha. Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo mazanamazana mwa iwo matupi awo sanapezeke, ena anakwiririka ndi matope ku Chilobwe ndi ku Mulanje, ena anapita ndi Ruo ndi Shire. Funso lanu lili m'nyumba zambiri, kungoti ambiri amaopa kulitulutsa.

Ndiyambe ndi yankho lenilenilo. Mlongo wanu adzauka. Kusowa kwa manda sikuchotsa kanthu pa lonjezo la Mulungu.

Baibulo silinaiwale anthu omira m'madzi. Yohane analemba Chivumbulutso ali pa chisumbu cha Patmos, pakati pa anthu odziwa bwino lomwe kuti amene wamira panyanja nthawi zambiri sabwera kudzaikidwa. Poona tsiku lomaliza analemba kuti: "Ndipo nyanja inapereka akufawo anali momwemo" (Chivumbulutso 20:13). Onani kuti nyanja yatchulidwa poyamba, imfa ndi malo a akufa pambuyo. Madzi amene anatenga munthu adzalamulidwa kumubweza, ndipo adzamvera. Shire sali pamwamba pa lamulo limenelo, ng'ona ya m'dambo la Ndindi siili pamwamba pake. Yesu mwini anati chifuniro cha Atate n'chakuti mwa onse amene anapatsidwa asatayepo ngakhale mmodzi, koma adzawaukitse tsiku lomaliza (Yohane 6:39). Kwa ife mlongo wanu anasowa. Kwa Mulungu palibe mphindi imene anasowa.

Tiyeni tiganizirenso za amene ali ndi manda. Agogo athu amene tinawaika zaka 40 zapitazo, kodi muli chiyani m'mandamo lero? Dothi. Ndipo kuno kuchigwa tikudziwa kuti madzi akalusa sasiya ngakhale manda, amakokolola ndi mitanda yomwe. Kukanakhala kuti kuuka kumadalira thupi losungika bwino, sakanauka ndi mmodzi yemwe. Akhristu a ku Korinto anafunsa funso ngati lanuli: akufa aukitsidwa bwanji, ndipo adzabwera ndi thupi lotani? Paulo anawayankha ndi mbewu (1 Akorinto 15:35-38), ndipo inu wolima kudimba yankho ili mukulidziwa ndi manja. Mukabzala chimanga m'dothi lonyowa madzi ataphwa, n'kufukula phando patatha milungu iwiri, simupeza njere ija. Mupeza kakhungu kofewa, kakuda, kopanda kanthu m'kati, koma pamwamba pali mmera wobiriwira, ndipo ndi wa chimanga chomwe chija, si wa mapira. Paulo akuti Mulungu ndiye amaipatsa mbewu thupi monga afunira. Munthu ndi yemweyo, thupi ndi latsopano, ndipo wolipereka ndi Mlengi amene poyamba paja anaumba munthu ndi fumbi.

Mose, mtumiki wamkulu uja, alibe manda odziwika. Deuteronomo 34:6 akuti palibe munthu adziwa kumanda kwake kufikira lero. Komatu pa phiri paja Yesu atasandulika, Mose anaima pambali pake akuyankhula naye.

Pali nkhani ina ya mpingo wakale imene ndimafuna Mkhristu aliyense wa m'mbali mwa mtsinje ataidziwa. M'chaka cha 177, mu mzinda wa Lyon, m'dziko limene lero ndi France, Akhristu anazunzidwa ndi kuphedwa, mmodzi mwa iwo mtsikana wogwira ukapolo dzina lake Blandina. Ozunzawo anakaniza abale kuika mitembo. Anaisiya poyera masiku angapo, kenako anaitentha, phulusa n'kulisesera mu mtsinje wa Rhône. Wolemba mbiri ya mpingo Eusebius anasunga kalata ya Akhristu opulumuka, imene ikufotokoza kuti anachita dala zimenezi pofuna kuti ophedwawo asakhale ndi chiyembekezo cha kuuka. Mpingo unamva kuwawa kwambiri polephera kuika abale ake, ndipo kalatayo sibisa zimenezo. Koma sunavomere mpang'ono pomwe kuti mtsinje wagonjetsa Mulungu. Choncho funso lanu mpingo unakumana nalo kalekale, m'mbali mwa mtsinje, ndipo unaliyankha misozi ili m'maso.

Tsopano za chilango. Apa ndiyankhula molimba, chifukwa mawu amenewa avulaza anthu ambiri m'misasa. Anthu 18 atafa chifukwa nsanja ya ku Siloamu inawagwera, Yesu anafunsa ngati iwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, ndipo anayankha yekha kuti iyayi (Luka 13:4-5). Mlaliki amene akuloza chala anthu a ku Makhanga akutsutsana ndi Ambuye wake. Madzi amatipeza chifukwa tili kumunsi. Mvula ikagwa ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Blantyre, yonse imatsikira kuno. Ruo amachokera ku phiri la Mulanje n'kudzathira mu Shire pa Chiromo, ndipo akadzaza onse awiri madzi amasowa kolowera. Mapiri anametedwa mitengo, dothi limakokoloka n'kukwirira mitsinje, ndiye mtsinje wosaya suchedwa kusefukira. N'chifukwa chake tinalira mu 2015, mu 2019 ndi namondwe wa Idai, mu 2022 ndi namondwe wa Ana, kenako Freddy. Ngati pali tchimo pamenepa, ndi la tonse amene tawononga chilengedwe, kuno ndi kumaiko olemera komwe, osati la bambo amene anabwerera kukapulumutsa mbuzi zoti adzagulitse n'kulipirira ana sukulu.

Mtsinje womwewu sunasiye ngakhale bishopu. Charles Mackenzie, amene anatsogolera amishoni oyamba a Anglican kuno, bwato lake linagubuduzika mu Shire, mankhwala a malungo n'kutayika m'madzi. Anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo akumana ndi Shire, ndipo anaikidwa komweko. Sindinamvepo wina akunena kuti chinali chilango.

Mwina mumtima muli funso lina limene simunalilembe, loti anafa mwadzidzidzi, popanda m'busa kapena wansembe pambali. Za mtima wa munthu woweruza ndi Mulungu, si ine, si anansi. Koma wachifwamba uja wa pamtanda analibe mwambo uliwonse, anangoti "ndikumbukireni", ndipo anamveka. Amene anamva Yona ali pansi pa nyanja amamvanso munthu ali m'madzi a Shire usiku.

Mwafunsa ngati chikhulupiriro chanu chinafa popeza nyimbo za Pasaka zikukanika. Chaka chija Pasaka inali pa 9 Epulo, mwezi usanathe n'komwe chichokereni madzi, anthu akugona m'makalasi ndi m'matenti. Sindidabwa kuti kuyambira pamenepo Pasaka imakulemerani. Koma werengani Yohane 20 mofatsa. Munthu woyamba kuonana ndi Yesu wouka anali mayi amene ankalira chifukwa thupi la wokondedwa wake lasowa. Mawu a Mariya wa Magadala ndi anu omwe: "Anachotsa Ambuye wanga, ndipo sindidziwa kumene anamuika." Anawabwereza kwa ophunzira, kwa angelo, ndiponso anapempha munthu amene ankamuyesa wosamalira munda kuti amuuze kumene thupilo lili kuti akalitenge yekha. Yesu sanamudzudzule kuti bwanji sukuimba. Anamufunsa chimene akulirira, kenako anamutchula dzina. Pasaka yoyamba inayamba kukadali mdima, ndi munthu wofunafuna mtembo. Ngati pali wina mu tchalitchi amene ali pafupi ndi m'mawa umenewo, ndi inu.

Ndipo sikuti onse anasangalala tsiku lomwelo. Awiri aja a ku Emau ankayenda nkhope zili zakugwa, akuti "ife tinkayembekeza". Tomasi anakhala sabata yathunthu anzake akukondwa iye asakukhulupirira, koma sanachoke pagulu, ndipo Yesu anamupeza pomwepo. Chimene anamuonetsa ndi mabala. Thupi louka lija linali ndi zipsera za misomali. Ine pamenepa ndimaphunzira kuti kuuka sikufafaniza zimene zinachitika ngati kuti sizinachitike. Usiku uja unachitikadi, ndipo Mulungu sakukupemphani kuti muuiwale. Paulo sanauze Atesalonika kuti asalire, anati asalire monga amene alibe chiyembekezo (1 Atesalonika 4:13). Pamanda a Lazaro, Marita atanena kuti "Ambuye, mukadakhala kuno mlongo wanga sakadafa", Yesu anati "Ine ndine kuuka ndi moyo", ndipo patangopita kanthawi iye yemweyo analira.

Nyimbo ikakana, musaikakamize. Khalani pabenchi, ena akuimbireni, ndiyo ntchito ya mpingo. Ngati mukufuna mawu opempherera, tsegulani Salimo 69: "Ndipulumutseni Mulungu, pakuti madzi afikira moyo wanga. Ndamira m'thope lozama, lopanda poponderapo." Limenelonso ndi pemphero la munthu wokhulupirira. Munthu amene chikhulupiriro chake chinafa sakhala pansi n'kulemba kalata yofunsa kumene mlongo wake adzaukire.

Za mayi anu okalamba zandikhudza kwambiri. Mwalemba kuti akamva kuti bwato lafika padooko amatumiza mdzukulu kukaona amene watsika, ndipo pogawa nsima amasiyako mtanda umodzi m'mbale n'kuvundikira. Musawakalipire, ndipo musawanamize kuti mwina abwera. Chimene akusowa ndi maliro. Ife timazindikira kuti munthu wapitadi pamene tagona pasiwa, taimba usiku wonse, taponya dothi. Iwo zonsezi sanazione, ndiye mtima wawo unaima pa usiku uja. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anaphunzitsa kuti mwambo wa maliro umatonthoza amoyo koposa kuthandiza akufa, ndi kuti Mkhristu wosaikidwa sataya kanthu. Analemba zimenezi mzinda wa Rome utagwa mu 410, anthu ambiri atafa osaikidwa. Ine ndikugwirizana naye mbali zonse ziwiri: mlongo wanu sakuvutika chifukwa chosowa manda, koma inu otsala mukufunika tsiku lolira pamodzi.

Choncho pitani kwa abusa kapena ansembe anu, pamodzi ndi amalume ndi anyakwawa, mukapemphe mwambo wachikumbutso. Palibe choletsa m'Malemba. Dzina lake litchulidwe mokweza, mbiri yake iwerengedwe monga timachitira pamaliro onse, akwaya aimbe, anthu adye. Ngati banja lifuna kuika mtanda kapena mwala wolembedwa dzina pamalo okwera, pamene ana ake angamapite, ikani. Zoika zovala zake m'dzenje mukambirane ndi mpingo wanu, chifukwa mipingo imaona mosiyana, koma musachite poopa kuti mzimu wake ukuyendayenda. Sukuyendayenda, uli m'manja mwa Mwini wake.

Chinthu china chimene ndimachikonda mu 1 Akorinto n'chakuti Paulo atamaliza mutu wonse wa kuuka kwa akufa, sakuti tsono khalani pansi mudikire. Akuti chirimikani, ntchito yanu siili chabe mwa Ambuye, ndipo mawu otsatira pomwepo, poyambira mutu 16, ndi a chopereka chothandizira abale osauka. Yesu wouka nayenso, atapeza asodzi amene agwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, anawakonzera moto wamakala, nsomba ndi mkate, asanayambe kukamba nawo zakuya. Chiyembekezo cha kuuka chimatsikira m'manja. Kwa inu zikutanthauza mlamu wanu ndi ana aja. Aliyense asawalande munda kapena ziweto zotsala, pakuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu. Aliyense asamukakamize mayiyo mwambo wa kupita kufa ponena kuti imfa yake inali yachilendo ndiye pafunika kuyeretsa mudzi. Imfa ya m'madzi si tsoka lopatsirana, ndipo mwambo umenewo wafalitsa matenda m'chigwa muno mokwanira.

Zikutanthauzanso kusabwerera kukamanga pamene madzi anadutsa. Ndikudziwa kuti kumtunda dothi ndi louma ndipo kudimba ndiko kuli chakudya, n'chifukwa chake anthu amakana kusamuka, ndipo sindiwaweruza. Koma kukhulupirira kuuka kwa akufa si chifukwa choikira ana pangozi. Limani kumunsi, gonani kumtunda, ndipo chenjezo likamveka pa wailesi nyamukani kukadali kowala, mbuzi muzimasule masana.

Mwambo uja mukakonza, musawadzidzimutse mayi anu. Apiteko kaye amayi a chigwirizano kapena amvano amene iwo amawakhulupirira, akhale nawo pamphasa, awafotokozere pang'onopang'ono, ngakhale maulendo angapo. Akakana ulendo woyamba musaumirize, dikirani. Akadzavomera, afunseni nyimbo imene mwana wawo ankaikonda, ndipo tsikulo asankhe ndi iwo.