Kwa achimwene a zaka 47 aja: njinga ija musagule kaye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi zaka 47, mwatchova nokhanokha zaka zitatu, ndipo tsopano mtima ukufuna kulowa kilabu ya masters, ya otchova njinga achikulire, kuti muyeseko time trial (mpikisano wolimbana ndi wotchi) ndi mipikisano ya mu velodrome (bwalo lozungulira lothamangiramo njinga, nthawi zambiri la matabwa). Mwafunsa njinga yoti mugule, zoti muzidya, komanso ngati simunachedwe. Za chakudya anzathu ena amene akuyankhani alemba kale zambiri, ine sindiwonjezerapo. Ndilankhula za wotchi ndi za matabwa, chifukwa phewa langa lamanja limandikumbutsabe zimenezo kunja kukazizira.

Chaka chino musagule njinga. Ndaona ena akupatsani kale mayina a mafelemu a carbon ndi mawilo otseka aja, ngati kuti munthu amene sanaimepo pamzere woyambira ndi zimene akusowa. Njinga yeniyeni ya time trial mtengo wake ukhoza kufika kawiri kapena katatu wa njinga yabwino ya pamsewu, ndipo makilabu ambiri sakulolani kukwera nayo m'gulu chifukwa mukagona pamahandulo ake manja amakhala kutali ndi mabuleki. Ndiye mudzakhala ndi chinthu chodula chongotsamira khoma masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Yomwe muli nayoyo ikukwanirani.

Time trial ndi mpikisano wosavuta kuumva. Aliyense amanyamuka yekha, nthawi zambiri motalikirana mphindi imodzi, ndipo saloledwa kubisala mphepo kumbuyo kwa mnzake. Mdani wanu ndi wotchi basi. Ku Britain, kumene mwambo umenewu unazika mizu kwambiri m'makilabu, mitunda yodziwika ndi mamailosi 10 ndi 25, ndiye kuti makilomita 16 ndi 40. Loto la ambiri ndi kumaliza mamailosi 25 ola lisanakwane, kutanthauza kusunga liwiro lopitirira pang'ono makilomita 40 pa ola kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pakamwa n'zophweka. Kumeneko kulinso bungwe la Veterans Time Trials Association la anthu a zaka 40 kupita m'tsogolo, lomwe limaika nthawi yoyembekezereka pa msinkhu uliwonse, moti mkulu wa zaka 70 amene wafika pambuyo panu atha kukuposani akawerengera. Zimenezi zimapweteka koyamba, kenako mumazolowera.

Mukafika pa liwiro lotere, mphamvu zanu zambiri zimathera pa kung'amba mphepo, ndipo chimene chimatchinga mphepo kwambiri ndi thupi lanu, osati njinga. N'chifukwa chake ngati ndalama ikukuyabwani m'thumba, gulani timahandulo tija tomangirira pamwamba pa mahandulo anu, togonekapo zigongono. Mtengo wake sufika ngakhale theka la wilo limodzi labwino. Mu 1989 Greg LeMond analowa tsiku lomaliza la Tour de France ali kumbuyo kwa Laurent Fignon ndi masekondi 50. Tsikulo kunali time trial yochokera ku Versailles kupita ku Paris, iye anamangirira timahandulo totere, n'kupambana mpikisano wonse ndi masekondi 8. Koma LeMond analibe msana wa zaka 47. Musatsitse mahandulo mpaka chibwano kugunda tayala poti mwaona akatswiri pa TV. Kakhalidwe kabwino pa njinga ndi kamene mungapirire mphindi 30 osadzuka. Mukamadzuka pafupipafupi kuti muwongole msana, zonse munapindula zathawa. Valaninso zothina, ndipo nambala ya kumsana muimange bwino ndi mapini, isamakupize ngati mbendera.

Cholakwa cha aliyense woyamba ndi kunyamuka ngati wathamangitsidwa ndi galu. Mphindi zitatu zoyambirira miyendo imanama, imakuuzani kuti lero muli ndi mphamvu za mkango. Ine tsiku langa loyamba ndinaikhulupirira. Nditafika cha pa kilomita ya 11 ndinamva kulira kwa tayala kumbuyo, kenako mkulu wina wa ndevu zoyera, amene ananyamuka mphindi ziwiri pambuyo panga, anandidutsa mwakachetechete, pakamwa potseka. Ine lilime lili panja. Yambani ngati mukusunga kanthu, mphindi zisanu zikatha ndiye onjezerani. Ndipo mutu musaweramitse n'kumayang'ana tayala. Misewu yambiri ya time trial za makilabu imakhala yosatseka, magalimoto akuyenda, ndipo anthu avulala koopsa pogunda galimoto yoima imene akanaiona patali. Ikani nyali kutsogolo ndi kumbuyo ngakhale dzuwa lili phwee.

Tsopano za velodrome, ndipo apa mundimvere bwino, chifukwa m'mayankho onse pamwambapa palibe amene wakuchenjezani.

Bwalo la m'nyumba nthawi zambiri limakhala la mamita 250, la matabwa, ndipo pokhota limapendekeka madigiri opitirira 40. La ku Manchester ndi 42. Mukaima pansi n'kuyang'ana m'mwamba mumaona ngati khoma. Njinga yake ilibe mabuleki, ili ndi giya imodzi, ndipo wilo likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira, mufune musafune. Mukaiwala n'kusiya kutchova monga mumachitira pamsewu, njinga imakunyamulani pachishalo ngati bulu wolusa. Onse amazungulira mokhotera kumanzere. Pansi penipeni pali kachigawo kobiriwira ngati mtambo, komwe si malo othamangirapo. Pamwamba pake pali mzere wakuda, umene amayezerapo kutalika kwa bwalo, kenako wofiira wa othamanga liwiro, ndipo chapakati pali wabuluu. Pa nthawi yoyeserera, opumira amazungulira pamwamba pa wabuluu, pansi n'kusiyira amene akuthamanga. Munthu amene ali pakati pa wakuda ndi wofiira simumudutsira kumunsi. Kudutsa ndi kumtunda, kudzanja lamanja.

Zonsezi ine ndinazidziwa nditavulala kale. Kilabu yoyamba imene ndinalowa inali ya anthu abwino mtima koma osasamala. Usiku wina wa velodrome panalibe kochi, mnzanga wina anangondibwereka njinga yake yakale n'kunena kuti, "Ingotitsatirani, muphunzira momwemo." Ndinazungulira pansi kangapo, mantha anatha, ndinalowa mumzere wa anthu asanu ndi atatu. Inafika nthawi yanga yotsogolera, ndinatsogolera bwinobwino, kenako ndinakwera kumtunda kuti ndipereke mpata monga ndinaonera anzanga. Ndinalakwa ziwiri nthawi imodzi. Sindinacheuke kuphewa lamanja kuti ndione ngati kukubwera munthu, ndipo nditakwera ndinafewetsa miyendo poganiza kuti ntchito yatha. Pokhota paja liwiro likachepa njinga imaimirira mowongoka pomwe matabwa apendekeka, ndiye pedulo lamanja linagunda thabwa, matayala n'kutaya. Ndinatsetsereka ngati thumba mpaka pansi, n'kukokolola anthu awiri amene anali kumunsi kwanga.

Fupa la paphewa linathyoka. Tizidutswa ta matabwa anandizula m'ntchafu kwa nthawi yaitali ndithu. Miyezi itatu osakwera njinga, kuvala malaya mochita kuthandizidwa. Koma chimene chimandiwawabe si phewa. Mmodzi wa awiri aja anali bambo wa zaka za m'ma 60, anathyoka nthiti, ndipo chaka chonsecho sanabwerenso. Sanandikalipire n'komwe, mwina zikanakhala bwino akanatero. Pamsinkhu wathuwu mafupa sachira ngati a mwana wa zaka 20, ndipo Lolemba tonse timafunika kuntchito.

Choncho musalole munthu aliyense, ngakhale akhale wokoma pakamwa chotani, akulowetseni mumzere musanaphunzitsidwe ndi kochi. Mabwalo ambiri a m'nyumba ali ndi maphunziro a oyamba kumene, a magawo angapo, ndipo sakulolani kupikisana musanawamalize n'kuvomerezedwa. Amabwereketsanso njinga pa ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi kugula. Pitani kumeneko, bwerekani njinga chaka chonse, musachite manyazi kukhala m'kalasi limodzi ndi ana. Ngati pafupi nanu pali bwalo lapanja la simenti kapena la phula, lalitali komanso losapendekeka kwambiri, ndiye mwayi wanu, yambirani pamenepo. Herne Hill ya ku London, imene inagwiritsidwa ntchito pa Olympics ya 1948, ndi ya mtundu umenewu, pafupifupi mamita 450. Ine mabwalo otere ndi amene ndimawakonda mpaka lero, mvula yokha ndi imene imasokoneza. Pa matabwa opendekeka, lamulo langa ndi lakuti sindilowa pokhota ndili pansi pa makilomita 30 pa ola, ndipo sindisuntha ngakhale pang'ono ndisanacheuke.

Posankha kilabu musatengeke ndi yunifolomu yokongola. Kwerani nawo katatu musanalipire. Onani ngati amadikira munthu amene watsalira kapena waphulitsa tayala, ngati amalozerana maenje, ndiponso ngati usiku wa velodrome pamakhala munthu mmodzi amene mawu ake onse amamvera. Kilabu imene aliyense ndi kochi ithaweni. Yang'ananinso ngati muli anthu a zaka 60 ndi 70 amene akupikisanabe. Amenewo ndi umboni wakuti pamenepo anthu sagwetsana chisawawa. Ndipo dziwiranitu kuti kilabu yabwino idzakupemphani kuti tsiku lina musiye njinga, muime pamphambano ndi kansalu kofiira, kapena mugwirire anzanu chishalo pamzere woyambira. Musanyinyirike. Time trial za makilabu zimayenda ndi anthu ongodzipereka, ndipo mukaima pafupi ndi wosunga nthawi madzulo amodzi mumaphunzira zambiri poona mmene odziwa amanyamukira.

Mukavomerezedwa pa velodrome, yambani ndi mipikisano imene mumakhala nokha kapena awiri okha pabwalo. Pali mamita 200 onyamuka muli kale pa liwiro, pali time trial yaifupi yoyambira chiimire, komanso pursuit, imene awiri amanyamuka mbali zosiyana za bwalo n'kumathamangitsana. Kwa a masters imakhala makilomita 3 kapena 2 malinga ndi msinkhu, pomwe akatswiri amathamanga 4. Musaipeputse poona kufupika. Makilomita 3 ndi maulendo 12 pabwalo la mamita 250, ndipo kuyambira ulendo wa 8 mudzayamba kudzifunsa kuti munalakwira ndani. Za scratch, points race ndi keirin, zimene anthu amadzazana phewa ndi phewa, zidikire chaka chamawa. Giya yambani ndi yopepuka, mano 48 kutsogolo ndi 15 kapena 16 kumbuyo. Mudzamva anyamata akudzitama ndi magiya akuluakulu m'chipinda chovalira, asiyeni, maondo ndi anu.

China chimene mayankho ena akunamizani ndi chakuti masters ndi kopumira. Ayi ndithu. Pa mipikisano ya UCI, bungwe loyendetsa masewera a njinga padziko lonse, amagawa anthu m'magulu a zaka zisanuzisanu, inu mugwera m'gulu la 45 mpaka 49, ndipo msinkhu amawerengera chaka chobadwa, osati tsiku. M'gulu limenelo mudzapeza anthu amene anayamba kupikisana ali ana ndipo sanasiyepo. Mpikisano wa dziko lonse wa masters pa velodrome wachitikira ku Manchester kambirimbiri, ndipo nthawi zimene akuluakulu amathamanga kumeneko zingachititse manyazi achinyamata ambiri. Mukapita ndi mtima wokatenga mendulo chaka choyamba mudzabwerera msanga. Lembani nthawi yanu m'kabuku, sabata yamawa mukalimbane nayo imeneyo.

Musanayambe kudzifinya chonchi kaonaneni ndi dokotala, makamaka za mtima ndi BP. Time trial imakusungani pafupi ndi malire anu kwa theka la ola, si zofanana ndi kutchova kwa Lamlungu. Ngati mumamwa mankhwala a BP, funsani mtundu wake. Ena, monga hydrochlorothiazide ndi anzake okodzetsa, ali pamndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera, ndipo munthu wa laisensi ya mpikisano atha kuyezedwa ngakhale ali ndi imvi. Pali njira yopempha chilolezo cha mankhwala, yotchedwa TUE, koma musasiye kumwa mankhwala panokha chifukwa cha njinga. Testosterone nayonso ndi yoletsedwa, ngakhale wina akuuzeni kuti pamsinkhu uno ndi yongobwezeretsa mphamvu. Ngati muli pa mankhwala a mtima ndi BP otchedwa ma beta blocker, kugunda kwa mtima kumakhala kotsika, ndiye kawotchi ka pamkono koyeza kugunda kwa mtima kadzakusokonezani. Masamu opezera malire a kugunda kwa mtima, a 220 kuchotsera zaka zanu, ndi ongoyerekeza, anthu amasiyana kwambiri.

Zoti mwachedwa, Robert Marchand wa ku France anazungulira velodrome ya Saint-Quentin-en-Yvelines kwa ola lathunthu mu January 2017, n'kukwanitsa makilomita 22.5, ali ndi zaka 105. Inu simunafike ngakhale theka lake.

Kanthu kena kakang'ono, poti tsiku lina mudzagulabe njinga ya velodrome ngakhale ndakuletsani. Mawilo ake amamangidwa ndi manati, choncho sipanala ya mamilimita 15 isamachoke m'chikwama. Ndipo popukuta tcheni musamazungulitse pedulo nsanza ili m'manja pafupi ndi mano. Pa njinga ya giya yokhazikika wilo likayamba kuzungulira tcheni sichiima, chimakoka nsanza pamodzi ndi chala. Imitsani wilo, pukutani kachigawo, sunthani pang'ono, imitsaninso.