Funsani Mmisiri: Penti wa m'kati mwa Sienta yanga akumatuka

FUNSO: Amisiri, ndimayendetsa Toyota Sienta ya 2008, ndipo ndimanyamula anthu pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay. Injini ilibe vuto, koma m'kati simukusangalatsa. Mapulasitiki a zitseko anasuluka, achita mbuu, komanso zidebe ndi madengu a nsomba zinawakanda kwambiri. Mwezi watha ndinagula chitini cha penti wakuda wopopera n'kupopera chitseko chakumbuyo chili pomwepo. Tsiku loyamba chinakongola ndithu, ngakhale panatuluka timaenje ting'onoting'ono. Pano penti akumatuka ndikangokanda ndi chikhadabo. Kodi anandigulitsa penti wabodza? Ndikufuna kupenta zonse, dashibodi ndi chiwongolero chomwe. Ndine dalaivala, kwa Mponda.

YANKHO: Achimwene, musathamangire kukakangana ndi mwini sitolo. N'kutheka kuti pentiyo ndi wabwinobwino, kungoti munamuika pamalo pamene sangagwire. Timaenje mwatchulato ndi umboni woyamba. Nthawi iliyonse anyamata otsuka magalimoto akamaliza ntchito amapopera polishi kuti m'kati muwale. Polishi wambiri wotere amakhala ndi mankhwala oterera otchedwa silicone, ndipo kwa zaka zonsezi wakhala akulowa m'timizere ta pulasitiki yanuyo. Penti akakumana ndi silicone amathawa, n'kusiya kabowo. Kupukuta ndi kansalu konyowa sikumuchotsa.

Chachiwiri ndi pulasitiki yeniyeniyo. Mukachotsa chikuto cha chitseko, yang'anani kumbuyo kwake. Mupeza zilembo zodindidwa zosonyeza mtundu wa pulasitikiyo, monga >PP< kapena >ABS<. Zikuto zambiri za zitseko, za m'mphepete mwa mipando ndi za kubuti m'magalimoto ochokera ku Japan ndi PP, pulasitiki yomweyo imene amapangira mipando ya pulasitiki ndi zidebe zambiri. Penti wamba pa PP amangokhala pamwamba ngati madzi pa tsamba la koko. Amauma, amaoneka bwino, koma sanagwire, ndipo dzuwa lathu lino likangotenthetsa galimoto kangapo amayamba kusendeka. ABS ndiyo imagwira penti mosavuta. Choncho musanagule chitini china, werengani kaye zilembozo.

Kupenta chinthu chili m'galimoto ine sindivomereza. Simungatsuke bwino m'mbali, penti amawazikira pamipando ndi pamagalasi, ndipo fungo limatsalira kwa apasenjala. Chotsani. Ntchito yochotsa muigwire masana, pulasitiki itafunda, chifukwa ikafunda imapindika pang'ono m'malo mothyoka. Tsitsani magalasi, zimitsani galimoto, kenako masulani waya wa negative pa batire ndi spanala ya 10. Mabuku a Toyota amati mudikire masekondi osachepera 90 musanagwire pafupi ndi mawaya a airbag, thumba lija limene limafufuma pa ngozi kuti liteteze anthu. Ine ndimati pitani mukamwe madzi kaye. Waya aliyense kapena pulagi yachikasu ndi ya airbag, musaikoke, musaiyese ndi babu.

Pachitseko pamakhala ma screw obisika, kawirikawiri m'kadzenje kogwira potseka ndi kuseri kwa chotsegulira, ataphimbidwa ndi katchinga kakang'ono. Ma screw a magalimoto a ku Japan amafuna screwdriver yolowa bwino. Dinikizani mwamphamvu musanapotokole, apo ayi mutu umadyeka. Mukatha ma screw, yambirani pakona ya pansi. Lowetsani chotukulira cha pulasitiki, kapena screwdriver yophwatalala mutaikulunga ndi tepi, ndipo fufuzani pamene pali clip, kachomangira ka pulasitiki kogwira chikuto kuchitseko, kuti mutukule pafupi nayo penipeni. Anthu ambiri amathyola chikuto chifukwa amatukula pakati pa ma clip awiri. Onse akamasuka, kwezani chikutocho m'mwamba, poti chimakola pamlomo wa galasi. Musachikoke kutali. Kumbuyo kudakali mawaya a switch ya galasi ndi chingwe cha chotsegulira. Jambulani ndi foni musanamasule chilichonse, ndipo ma screw a chitseko chilichonse muike paokha, thireyi ya mazira imathandiza. Pepala la pulasitiki lomatidwa pachitsulo cha chitseko musaling'ambe. Ndilo limatchinga madzi a mvula kuti asalowe m'kati.

Galimoto ya 2008 imene yakhala padzuwa la kunyanja, ma clip ena athyoka ngakhale mutasamala bwanji. Gulirani ena pasadakhale. Tengani imodzi yakale mukayerekeze kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto, kapena mutume dalaivala wa minibasi akakugulireni ku Limbe kapena ku Ndirande. Chikuto chopentedwa bwino koma chogwedera chikusowetsani mtendere pamsewu wonse wa M10.

Tsopano kutsuka, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Penti wakale uja sakuvutani, poti sanagwire. Matani tepi n'kukoka, wotsalayo kwechani ndi bulashi yolimba. Kenako sopo wamadzi wotsukira mbale, madzi ofunda, ndi bulashi yolowa m'timizere tonse. Tsukuluzani, bwerezaninso, ndipo pamene manja amagwiragwira bwerezani kachitatu. Sopo wotsukira galimoto wokhala ndi wax musagwiritse ntchito, akubwezerani vuto lomwe lija. Chikauma gwa, pukutani ndi sipiriti pakansalu koyera kosasiya ubweya, mukutembenuza kansaluko kuti musangosuntha mafuta kuchoka uku kupita uko. Kuyambira pamenepo gwirani m'mbali mokha. Thukuta la m'manja ndi mafuta nalonso.

Kukhula ndi kongochotsa kuterera basi. Sandipepa wa 600 kapena 800 ndi wokwanira, kapena chokhulira chotuwa chimene ogulitsa penti wa magalimoto amakhala nacho. Dzanja likhale lopepuka. Mukalimbikira malo amodzi mufafaniza timizere ta pulasitiki, ndipo pamenepo padzaoneka chigamba chosalala ngakhale mutapaka penti wochuluka bwanji. Za mikwingwirima ya zidebe ndikuuzeni zoona: penti amabisa mtundu, sabisa dzenje. Tiubweya totukuka m'mphepete mwa mkwingwirima dulani ndi lezala, mukhule pang'ono, muvomereze kuti chipsera chizioneka pang'ono. Ena amamata filler ya bodi, phala lotsekera maenje pabodi ya galimoto, koma chikuto chimapindika nthawi iliyonse wina akamenyetsa chitseko, ndiye filler imang'aluka n'kugwa. Mukatha kukhula pukutaninso ndi sipiriti.

Pa PP pamafunika primer wapadera, wolembedwa plastic primer kapena adhesion promoter. Nthawi zambiri alibe mtundu, ndi wopyapyala, ndipo ntchito yake ndi kulumikiza penti ndi pulasitiki. Primer wotuwa wa zitsulo si ameneyo, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti ndi chimodzimodzi. Ngati simumupeza kuno, itanitsani ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Popanda iye musayambe n'komwe. Poperani koti imodzi kapena ziwiri zopepuka, musamukhule, ndipo tsatirani nthawi yolembedwa pachitini, chifukwa ambiri amafuna penti abwere pamwamba pasanapite nthawi yaitali.

Nyengo ya kuno imasokoneza anthu ambiri. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 35, ndiye mukapopera masana penti amauma ali m'malere, n'kutera ngati fumbi, chikuto n'kukhala chokhakhala. M'dzinja chinyezi chimachititsa penti kuchita mbuu. Mu June ndi July mwera umabweretsa fumbi ndi mchenga. Usiku nyali imaitana tizilombo, ndipo timamatirira pomwepo. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma, dzuwa lisanakwere, pamthunzi podutsa mpweya koma popanda mphepo yamphamvu. Wazani madzi pansi kuti fumbi lisadzuke. Chikutocho chisakhale chitagona padzuwa musanapopere.

Khutchumulani chitini mphindi ziwiri zathunthu. Yesani kaye kumbuyo kwa chikuto, komwe sikuoneka. Chitini chikhale masentimita 20 mpaka 25 kuchokera pa pulasitiki, dzanja liziyenda, muyambe kupopera musanafike pachikuto ndipo mulekeze mutachidutsa. Koti yoyamba ikhale yopepuka moti mtundu wakale uzionekabe. Dikirani mphindi ngati 10, bwerezani, kenako kachitatu. Mtima wofuna kumaliza ndi koti imodzi yokhuthala ndi umene umabweretsa kuyenderera, komanso umakwirira timizere, chikuto n'kuoneka chachilendo. Sankhani penti wosanyezimira kwambiri, wolembedwa matt kapena satin, ndiye amafanana ndi mmene galimoto inatulukira kufakitale. Penti wa mafuta wa zitseko za nyumba ayi, makamaka pamene pali pofewa, chifukwa amatha kukhala wonanda mpaka kalekale. Pamene pali nsalu, ma switch ndi sipika phimbani ndi tepi ndi nyuzipepala.

Penti amaoneka wouma pakatha ola limodzi, koma kuti alimbe zimatenga pafupifupi sabata. Ndikudziwa kuti galimoto ya matola siingaime sabata yonse. Chitani chitseko chimodzi chimodzi, mupente tsiku limene mumapuma, kaya ndi Lachisanu kaya Lamulungu, mudikire masiku awiri musanabwezeretse, ndipo sabata imeneyo zidebe zipite kubuti. Musanapitirize ku zitseko zina, bwererani pamene munayesa kumbuyo paja, chekani timizere topingasa ndi lezala, matani tepi, kokani mwamphamvu. Tepi ikabwera yoyera, njira yanu ili bwino.

Koma dashibodi ndi chiwongolero, achimwene, ndikukanizani. Paliponse polembedwa SRS AIRBAG pali chivindikiro chimene chinapangidwa kuti ching'ambike pamzere wake pa ngozi. Penti ndi mankhwala ake angasinthe mmene chimang'ambikira, ndipo zimenezi si zoyesera pa moyo wanu ndi wa apasenjala. Pamwamba pa dashibodi pamatentha kupitirira madigiri 70 galimoto ikaima padzuwa, penti wa m'chitini sapirira nthawi yaitali pamenepo. Choopsa kwambiri ndi kunyezimira. Dashibodi yowala imaonekera pagalasi lakutsogolo n'kukuthobwani, pamene msewu wa ku Monkey Bay wadzaza akabaza, mbuzi ndi ana a sukulu. Tsukani dashibodi ndi sopo pang'ono, muwauze anyamata aja asiye kupoperapo polishi, ndipo mukaimika galimoto ikani chotchinga dzuwa pagalasi. Chiwongolero chikasupuka, chisoketseni chikopa kwa osoka mipando. Malamba a mipando asakhudzidwe ndi penti kapena thina.

Dzisamaleninso inu eni. Kansalu kapakamwa sikatchinga nthunzi ya penti, pamafunika mask yokhala ndi zosefera. Fodya ndi mbaula zikhale kutali, ana asamaonerere pafupi, ndipo zitini musazisiye m'galimoto yotseka. Pachitini pomwepo amachenjeza kuti chisatenthe kupitirira madigiri 50.

FUNSO: Amisiri, kachikuto kasiliva kozungulira wailesi ndi giya mu Vitz yanga kakandikakandika. Wina wandiuza kuti ndichotse penti wakale ndi thina. Ndichite? Ndine mphunzitsi, Namwera.

YANKHO: Mayi, thina musamuyandikize. Tizikuto tasiliva totere nthawi zambiri ndi ABS kapena PC/ABS (ABS yosakaniza ndi pulasitiki ina), ndipo thina ndi acetone zimasungunula pulasitiki imeneyi, imafewa n'kukwinyika, osakonzekanso. Chosangalatsa n'choti yanuyi ndi ntchito yosavuta kuposa ya achimwene a Sienta aja. Kachikutoko n'kosalala, ndiye mungathe kuchotsa mikwingwirima yeniyeniyo. Khulani ndi sandipepa wa 400 wonyowetsa mpaka m'mphepete mwa pokandika musamamveke ndi chala, malizani ndi 800, tsukani, umitsani. Penti wakale amene wagwira bwino simukuyenera kumuchotsa yense. Ikani primer wa pulasitiki pang'ono, siliva koti zitatu zopepuka, ndipo pamwamba pake clear, penti wopanda mtundu woteteza, poti pamenepa makiyi ndi zikhadabo zimakhudza tsiku ndi tsiku. Pochotsa samalani pulagi ya batani la hazard ndi timabatani ta fani, ndipo mabataniwo achotseni kaye, musawapente pamodzi, angamatirire.

FUNSO: Bwana, ine ndili ndi Hiace ndipo ndalama za primer ndilibe. Anzanga pa depoti akuti kudutsitsa moto pa pulasitiki kumabwezeretsa kuda, ena akuti brake fluid kapena polishi wa nsapato. Chabwino n'chiti? Ndine mwini minibasi, Makawa.

YANKHO: Bambo, pa zitatuzi palibe chimene ndingakuuzeni kuti chitani. Moto umadetsadi pulasitiki chifukwa umasungunula kachikopa ka pamwamba kamene dzuwa linawononga, koma kusuluka kumabwerera, pulasitiki imakhala yosachedwa kuthyoka, ndipo dzanja likangochedwa malo amodzi pamatsala chibanga chowala. Brake fluid amadya penti wa bodi paliponse wadonthera, komanso si wabwino pakhungu la anthu amene akutsamira pamenepo. Polishi wa nsapato athera pa zovala za apasenjala dzuwa likatentha, ndipo tsiku limene mudzafune kupenta mudzavutika kumuchotsa. Ngati ndalama palibe pakali pano, tengani sopo wa mbale ndi bulashi. Kusuluka kwina kumene mukuona ndi fumbi, thukuta ndi polishi wakale zomwe zadzaza m'timizere, ndipo zikachoka mtundu umabwerako ndithu. Chikuto chimene chafika pofumbutuka mukachikanda, chimenecho chatha, penti sangagwire pa ufa. Funani china chakale chabwinoko kwa ophwasula magalimoto, ndipo pogula pindani kona pang'ono ndi chala, muonenso ngati malo okolekamo ma clip kumbuyo onse ali athunthu.