11-plus si yachilungamo, komabe mwana mulembetseni

Asisi, mwafunsa ngati 11-plus, mayeso olowera ku ma grammar (masekondale a boma kuno ku England omwe amasankha ana potengera mayeso), ndi yachilungamo, komanso ngati mum'lembetse mnyamata wanu yemwe ali Year 4 kupulaimale. Mwandikhudza pachilonda, ndiye mundikhululukire ngati ndilemba mokalipa. Achilungamo mayeso amenewa? Ayi. Ndipo awa akukuuzani m'makomentimu kuti mwana wanzeru amakhoza yekha popanda tutor, tawafunsani kuti ana awo Loweruka m'mawa amakhala ali kuti.

Ine ndili ku Kent, ntchito ndi yomweyi ya care, yosamalira okalamba, yausiku. Mwana wanga wamkazi masamu ankatsogola m'kalasi, aphunzitsi okha ankanena. Koma za Kent Test, 11-plus ya kuno, ndinamva pageti kwa mayi wina wa ku Nigeria, mu June, kulembetsa kutatsala pang'ono kutsekedwa. Kusukulu ati anatiuza. Eya, kamzere kamodzi m'kalata ya kusukulu, pansi pa nkhani ya sports day. Kuno kholo ndi limene limalembetsa mwana ali Year 5, mayeso n'kulemba mu September atangolowa Year 6. Ku Buckinghamshire ana a m'mapulaimale a boma amalowetsedwa onse pokhapokha kholo likane. Kwathu kuno ukagona, wagona.

Mayesowo ndi Chingerezi, masamu ndi reasoning, tizithunzi tija totembenuka uku ndi uku. Zimenezo m'kalasi saphunzitsa, ndipo mapulaimale a boma kuno saloledwa kukonzekeretsa ana, ati kuti onse ayambire pamodzi. Pamodzi ndi ndani? Masukulu olipira amakonzekeretsa chaka ndi chaka. Anzake a mwana wanga anayamba patitaimu ali Year 4, £35 pa ola. Ife tinagula mabuku, holide yonse tili patebulo la kukhitchini, ine maso ali psuu ndi tulo, iye akundiphunzitsa ineyo m'malo moti ndimuphunzitse.

Zotsatira zinabwera mu October pa imelo. Malikisi onse pamodzi anakwana, anapitirira ndithu. Koma kuno amafuna kuti pepala lililonse ufike pamzere wake, ndipo Chingerezi anaperewera awiri. Awiri! Ndinawerenga imeloyo mpaka foni inazima m'manja. Iye anafika chikwama chili kumsana, anali atamva kale kuti mnzake wapamtima wakhoza, anangondiyang'ana kumaso n'kudziwa. Sanalire. Anakhala pamasitepe, nsapato osavula, kenako anafunsa kuti, "Amayi, ndiye kuti ine ndine mbuli?" Mwana wa zaka 10. Usiku womwewo ndinayenera kupita kuntchito, kukasambitsa agogo a eni ake, wanga ndamusiya osadya.

M'mawa ndinachoka kuntchito molunjika kwa ahedi, yunifolomu ili m'thupi. Anandisunga pabenchi la ana panja pa ofesi, mawondo ali pachibwano. Nditalowa ndi pamene ndinamva kuti zotsatira zisanafike kwa makolo, ahedi amaziona kaye, ndipo amatha kutumiza makope a mwana amene waperewera pang'ono ku gulu la ahedi anzawo kuti amuunikenso. Anatumiza a ana ena. A wanga ayi, ndipo nthawi yake inali itadutsa. Ndinafunsa chifukwa. Anayang'ana wotchi, akumwetulira kumwetulira kwawo kuja, n'kunena kuti anaona ngati mwanayo akasangalala bwino kwina, komanso kuti ine sindinaonetse kuti ndikufunitsitsa za grammar. Ndikanaonetsa bwanji chinthu chomwe munandibisira? Amene makope awo anatumizidwa ndinkawadziwa, ana a amayi aja osachoka pasukulu, ophika makeke a PTA, amene ahedi amawatchula maina oyamba. Mwana wanga anakhala pasukulupo kuyambira ali kamwana koma dzina lake munthuyo ankalipotozabe. Mpaka lero ndikamuona mu shopu ndimalowa mzere wina.

Musaganize kuti ndi mkwiyo wanga wokha. Ku England kuli ma grammar 163, ndipo kutsegula atsopano kunaletsedwa mu 1998. Theresa May ali nduna yaikulu anayesa kuchotsa chiletsocho mu 2016, zinafera pachisankho cha 2017. Ndiye malo ndi ochepa, olimbirana ndi ambiri. A bungwe loona za maphunziro la Sutton Trust mu 2013 anapeza kuti ana olandira chakudya chaulere kusukulu sankakwana 3 pa 100 alionse m'ma grammar, pomwe m'madera omwewo ana otere anali 18 pa 100. Ochokera m'masukulu olipira ndi amene ankachuluka kuposa osaukawo. Ife a kumudzi izi si zachilendo, tikudziwa amene ankasankhidwira ku Dedza kapena ku Likuni ndi amene ankatsalira ku CDSS. Koma kwathu unkabwereza Sitandade 8 mpaka dzina litatuluka. Kuno kulibe kubwereza.

Ndanena zonsezi, komabe mnyamata wanuyo mulembetseni. Poti ali Year 4 nthawi ilipo. Ikani alamu pafoni ya June wa chaka chimene adzakhale Year 5, ndipo muyang'ane malamulo a dera lanu chifukwa Medway ili ndi mayeso akeake, Birmingham akeake. Muzim'werengetsa mabuku kwambiri, ana athu amagwera pa mawu a Chingerezi omwe pakhomo sitilankhula. Ahedi muwauze pa imelo kuti mukufuna grammar, kuti mawa asadzati simunanene. Ngati kuli kophika makeke, phikani, mandasi omwe.

China, chakudya chaulere cha kusukulu. Ambirife visa inalembedwa no recourse to public funds, kutanthauza kuti sitiloledwa kulandira thandizo la boma, ndiye timaopa ngakhale kufunsa. Kuyambira 2022 ana a mabanja otere amaloledwa ngati malipiro ali pansi pa mlingo womwe anaika, ndipo sizikhudza visa. Mwana akalembedwa amalowa pa pupil premium, ndalama zomwe boma limaonjezera sukulu chifukwa cha ana a mabanja osauka, ndipo ma grammar ambiri amaika ana amenewa patsogolo. Ma grammar a King Edward VI ku Birmingham amawasungira mpaka kota ya malo. Manyazi asakudyereni mwayi.

Akaperewera, dzina la grammar mulilembebe pa fomu yosankhira masekondale yotseka pa 31 October, apo ayi simudzaloledwa kuchita apilo malo akagawidwa mu March. Ife tinachita, tinanyamula makope ndi malipoti onse, anatikana. Inu dzachitenibe.

Mtsikana wangayo ali pasekondale wamba, ali mu top set, gulu la okhoza kwambiri, aphunzitsi a sayansi amamukonda, ndiye asakunamizeni kuti kunja kwa grammar kulibe moyo. Ndipo mwana musamuuze kuti tsogolo lake lonse lagona pa mayesowa. Koma wamng'ono wanga ali Year 4 ngati wanu, ndipo tutor ndamupezera kale, ndawonjezera shifiti Lamlungu. Mukamafuna tutor wanu, funsani ngati amadziwa mayeso a dera lanulo, ndipo musalipiretu teremu yonse.