Za wotchi ya agogo ija, mverani nonse

Halo... eya, ikujambula. Moni nonse pa gulupu. Azakhali moni, achemwali moni, ndi inu amene mumangowerenga osayankha, tikukuonani. Iwe msuweni, mwamuna wanga, funso lako ndaliona m'mawa ndili mu takisi, koma kulemba sindikanatha, zala zanga ndi foni iyi sizimvana. Wafunsa kuti... dikira ndiwerenge... "Kodi wotchi ya agogo ndikakaipolishitsa kuti iwale, ingawonongeke kapena kutsika mtengo?" Ndi chithunzi pansi pake. Chithunzi chakenso chojambulira mumdima, pabedi posayala. Hehe.

Iwe. Ukufuna kuigulitsa.

Usakane ayi, ndinakubereka kumbuyo ine. Munthu wasunga wotchi m'sutikesi chimwalirireni agogo, osaivala ngakhale pa Khirisimasi, lero mwezi womwe uno wa nkhani ija ndi pomwe wakumbukira kuti iwale? Nkhaniyo sinditchula, amayi ako ali pompano. Koma sindikukudzudzula, iyayi. Inagwera iwe tsiku lija, tonse tinalipo, ena anatupa masaya koma zinatha. Ndi yako. Ine changa n'chakuti ngati ukugulitsa, usadzibere wekha.

Koma ndisanafike kumeneko... ukuikumbuka wotchi ya amalume ako a ku Bangwe? Aaa ayi, iwe unali usanayambe kuvala kabudula. Achemwali akuikumbuka, anditsutse ngati ndikunama. Bambo aang'ono aja anabwerera kumudzi kuchokera kuno ku Joni mu 1988, chaka chimene TEBA inasiya kutenga anthu akwathu kupita kumigodi. Anafika ndi njinga, wailesi ya makaseti awiri, bulangete la kambuku lija linabutsa mlandu, ndi wotchi. Wotchi yagolide. Eee... ndati yagolide? Yooneka yagolide. Ndifikako.

Munthu uja ankavala malaya a mikono yaitali, koma wopinda unali wakumanzere wokha. Kutchalitchi nyimbo ikakoma, dzanja lokweza linali lomwelo. Tili pamphasa tikudya, palibe wafunsa kanthu, iwo, "Kodi nthawi ili bwanji?" n'kudziyankha okha. Nthawi ya nkhani pa MBC ikakwana, ana tonse chete, iwo diso pa wotchi, khutu ku wailesi. Zikasiyana ndi mphindi ziwiri, olakwa anali a wailesi. Ankachita kupukusa mutu kuwamvera chisoni.

Ndiye Loweruka lililonse madzulo ntchito inali imodzi. Mpando wa ndalema pakhonde, kansanza ka vesiti yakale, ndi kachitini ka Brasso. Brasso ikatha, phulusa losefa, mwina mankhwala otsukira mano. Ankatikita mpaka lilime kutulukira pambali. Ife tili kumbuyo kudikira kuti akamaliza atilole tidzione nkhope kuseri kwa wotchiyo, mmodzimmodzi, osagwira. Ukagwira, khofi.

Kenaka kunabwera ukwati wa azakhali aang'ono, uja unachedwa chifukwa cha lole. Ankhoswe anali iwo. Anati ayi, kuwala kwa pamanja sikukwanira ukwati, apita nayo m'tauni. Ku Limbe, pakhonde la sitolo ina, pankakhala bambo wina wokonza mawotchi, wa kabokosi ka galasi kodzadza malamba ndi mabatire. Ameneyu anali ndi kamota kozunguza gudumu la nsalu. Anaigunditsa pagudumu paja, uku, uku, kutembenuza, uku. Inawaladi, iii! Anabwera nayo ataikulunga m'hanki, usiku umenewo sanaivale n'komwe kuopa kuti ingazime.

Tsiku la ukwati tsono. Munali mu Okutobala, kutentha kwake mukukudziwa, holo yamalata, anthu thithithi. Pofika pa perekani-perekani, ankhoswe adzuka, akuvina, akweza dzanja lija kuti aponye ndalama... mkono wagirini! Hahaha... pepani. Kuzungulira ponse pomwe panali wotchi, girini, mpaka kumkono kwa malaya. Malaya ake oyera, obwereka kwa mkulu wa mpingo. Azimayi a kuchimuna anayamba kunong'onezana kuti ankhoswe awa avala mankhwala.

Chinachitika n'chiyani? Golide uja anali wongokutira pamwamba, pansi pake mkuwa. Golide wotero amayezedwa ndi ma micron, ena 10, ena 20, pamene micron imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000. Ndiye taganiza. Loweruka lililonse iwo ankachotsako pang'ono ndi kansanza kaja, gudumu la ku Limbe n'kudzamaliza wotsalayo m'makona ndi kunsi. Mkuwa ukakumana ndi thukuta umadetsa khungu girini, basi. Palibe ufiti.

Koma iwo kuvomera? Ng'o. Ankati wina anawasinthira wotchi usiku wa chilangizo. Mpaka kutisiya ankamuyang'ana cham'mbali mlamu wawo uja. N'chifukwa chake awiri aja sankakhala benchi imodzi ngakhale pamaliro, kwa amene simunkadziwa. Azakhali, musandiimbire, mawu apita kale.

Aaa, ndinali pati... eya, wotchi yako.

Ya agogo si yoteroyo. Imene ija ndi Omega Seamaster yachitsulo, ya m'ma 1960, ija anawapatsa kuntchito ku Salisbury, Harare wa masiku ano, atakwanitsa zaka 25. Chitsulo chimenecho sichikusandutsa mkono girini, usaope. Vuto lake ndi lina, ndipo mwina ndi lalikulu kuposa la amalume ako, chifukwa yawo ija ngakhale isanapolishidwe sinali ya ndalama zambiri.

Pashopu pomwe ndimagwira kuno ku Johannesburg timagula golide ndi mawotchi ogwiritsidwa kale ntchito. Munthu akabwera ndi wotchi yakale, abwana anga sayamba n'kumvera ngati ikuyenda. Amaika kagalasi kawo padiso, n'kuipendeketsa pansi pa nyale, kuyang'ana tinyanga tinayi tija timagwira lamba. Wotchi ikamachoka kufakitale, tinyanga timeneto timakhala ndi m'mphepete mwakuthwa, moti ukapititsa chikhadabo umamva kuti apa pathera, apa payambira pena. Mbali ina imawala ngati kalilole... ayi, ndinene bwino, mbali ina ndi yosalala yonyezimira, ina ili ndi timizere ting'onoting'ono toloza kumodzi, tochita kuikidwa dala. Ikadutsa pagudumu kwa munthu wosadziwa, zonsezo zimasakanikira. Makona amabulungira, timizere timafufutika, kanyanga kena kamaonda kuposa kanzake. Imawala, inde, koma mawonekedwe ake enieni apita. Abwana amangoitembenuza kawiri, kuibweza pakauntala, mtengo umene amatchula mwiniwake amayamba wakhala kaye pansi.

Chifukwa anthu amaganiza kuti kupolisha kumachotsa zokalika. Sikuchotsa. Pamene pakalika pakumbika, ndiye gudumu limadya chitsulo chonse chozungulira mpaka chitsike kufanana ndi pansi pa pokumbikapo. Ukukumbuka mpeni wa agogo aakazi uja ankanola pamwala tsiku ndi tsiku, mmene unathera? Ndi zomwezo. Chitsulo chimene chachoka sichibwerera. Alipo akatswiri amene amawotcherera china ndi makina a laser n'kusemanso makona, koma ndalama yake ingakulize, ndipo wogula wodziwa amazindikirabe kuti pagwiridwa.

Ndiye yankho lako ndi limeneli, mwamuna wanga: usaipolishe. Isiye ndi zipsera zake.

Tembenuza kumbuyo kwake uone. Pakati pali kachithunzi ka kavalo wa m'nyanja, chizindikiro cha Seamaster. M'mbali mwake muli zilembo zija anazokota a kuntchito, dzina la agogo ndi chaka. Zinthu zimenezo si zakuya ayi, ndi zomwe gudumu limayambira kudya. Pa ma Rolex akale nambala ya wotchi imakhala pakati pa tinyanga, pobisika ndi lamba, ndipo pa mawotchi a golide weniweni pamakhala kachidindo ka 750, kusonyeza kuti ndi wa makarati 18. Zikafufutika zimenezo, wogula amayamba kukayikira ngati wotchiyo ndi yeniyeni, ndipo munthu wokayikira satulutsa ndalama. Golide weniweniyo ndiye amadyeka msanga kuposa chitsulo, ndi wofewa.

Mu 2017 ku New York, kampani ya okushoni ya Phillips inagulitsa Rolex Daytona ya Paul Newman, katswiri wa mafilimu uja ankathamangitsanso magalimoto, pamtengo wa madola pafupifupi 17.8 miliyoni. Wotchi yovalidwa, yooneka kuti yayenda. Kumbuyo kwake kunali mawu amene mkazi wake, Joanne Woodward, anazokotetsa, omuuza kuti aziyendetsa mosamala. Tangoganiza wina akanati, aaa, mawu awa akuipitsa, tiisalaze kaye isanapite kumsika. Hmm.

Eee, eee, ndikukuona kale ukutsegula kakyuleta. Tseka. Yako siigula galimoto. Ya Paul Newman anthu ankalimbirana dzina la mwiniwake ndi mtundu wake wosowa, pamene ma Seamaster a zaka zimenezo anapangidwa ambiri. Ndalama ilipo, ya nkhani ija ingachepetseko, koma usakalonjeze anthu zinthu. Ndipo poti ndalamayo si yochuluka, n'chifukwa chake sukuyenera kutayapo ngakhale pang'ono.

Tsono wina pa gulupu pano anena kuti, nanga alamu a ku Area 47 anapolishitsa yawo bwanji ili bwinobwino? Zoona. Wotchi yatsopano, yovala tsiku ndi tsiku, ikapita ku sevisi kwa anthu amene ali ndi zida zake, amamata tepi mbali ina, kukonza mbali ina, kubwezeretsa timizere tija monga anapangira eni ake, amachotsa chitsulo chochepa kwambiri. Kamodzi kapena kawiri pa moyo wa wotchi, palibe angalire. Ndipo alipo ogula amene amangofuna chonyezimira choti avale ku ofesi. Koma amene amalipira bwino pa wotchi ya zaka 60 si amenewo. Ndi aja osonkhanitsa zakale, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti, inapitapo pagudumu? Akafuna iwale akaipolishitsa okha kwa munthu wawo. Iwe ukawachitira, wawalanda mwayi wosankha, ndipo akudula mtengo.

Chimene ungachite n'chochepa. Tenga kansalu kofewa, ngati kaja kopukutira magalasi a m'maso, pukuta. Litsiro la m'makona chotsa ndi mswachi wofewa wa ana, wongonyowa pang'ono. Usaiviike m'madzi. Ndikudziwa dzina lake likunena za nyanja, koma timalabala totchinga madzi m'kati muja tinauma kalekale, mwina iwe usanabadwe. Galasi lake ndi la pulasitiki yolimba, osati la safiro ngati a masiku ano, ndiye limenelo likhoza kutikitidwa ndi kamankhwala kotchedwa Polywatch, zokalika zazing'ono n'kutha popanda kukhudza chitsulo. Koma usanatero, liyang'ane padzuwa pakatikati penipeni. Ukaona kachizindikiro ka Omega kakang'ono zedi, kosaoneka msanga, dziwa kuti galasilo ndi la ku Omega komweko, usalole munthu alisinthe.

Nkhope ya wotchi, pomwe pali mivi ndi manambala, imeneyo ndiye osayerekeza. Pachithunzi chako chamdima chija ikuoneka kuti yachita chikasu pang'ono. Isiye. Wina akakuuza kuti aipentanso iyere, nyamuka uzipita, usatsanzike. Nkhope yopentanso imagwetsa mtengo kuposa ngakhale kupolisha.

Komanso usamangoipukusa kuti uzimvera ikulira. Mafuta a m'kati anauma, tizitsulo tikukhulana touma. Ndipo usakaitsegulitse pakhonde la sitolo kuti uone nambala yake. Pa Omega zakale nambala ili m'kati, pamakina, ndipo kutsegula ndi mpeni kumasiya chipsera chimene ngakhale ine sindingachikhululukire. Ikafunika sevisi, ipite kwa munthu wodziwa mawotchi akale, ndipo umuuze kuti asapolishe. Osangonena pakamwa, alembe pa lisiti. Malo akuluakulu ambiri kupolisha amakuwerengera ngati mbali ya sevisi, ukapanda kukana amangochita poganiza kuti akukusangalatsa.

Ndiye ndibwereze, poti ndikudziwa kuti wamvetsera uku ukuonera mpira. Kupukuta, eya. Gudumu, ayi. Brasso, phulusa, sandipepa, zonsezo ayi.

Dikirani... ndikubwera bwana! Eya, ndikumaliza.

Ndijambulirenso zithunzi, panja, masana, pansalu yoyera. Kutsogolo, kumbuyo, m'mbali zonse ziwiri, ndi kachitsulo kopukusira kaja pafupi. Ngati kabokosi kake ndi kapepala kaja ka kuntchito zikadali m'sutikesi, jambulanso, zimawonjezera mtengo. Ndiwaonetsa abwana akupatse chithunzithunzi cha ndalama yake, kuti wina asakupusitse. Ukatero ukhale pansi ndi amayi ako musanachite kanthu, chifukwa akadzamva kwa anthu kuti yapita, ine sindidzakhalapo pokulanditsa. Ndipo mpaka nditayankha, wotchi imeneyo isayandikire gudumu la munthu aliyense, wamva? Yankha ndi mawu, osati kachala kaja.